Chaka Chimene Ndinakana Kuotcha Chimunthu cha Adona

Ana anga, za ubwana wanga musandifunse. Zambiri ndinaiwala, ndipo zotsalazo ndi njala ndi matekenya. Chopweteketsa mutu n'chakuti ubwana wa munthu wina ndimaukumbukira wonse, kuyambira nsapato zimene ankavala popita kusukulu mpaka dzina la galu wa kwawo. Munthuyo ndi adona Pemberton, mzungu wa ku Mangalande amene ndinawaphikira zaka pafupifupi makumi awiri. Ubwana wawowo ndinauphika, ndinausesa, ndinaukankha pa wilibala, ndipo pomaliza ndi umene unachedwetsa amayi anu ndi inu kubwera kuno ku Amereka. Ndikulemba kuti mudziwe mmene zinayendera, chifukwa amayi anu akamafotokoza nkhaniyi amangoti, "Bambo anu ndi amakani," basi athera pomwepo.

1961 mpaka 1974, Thyolo

Ntchito yanga yoyamba inali pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, m'nyumba ya a Pemberton. Abwana anali oyang'anira minda, munthu wofatsa, wosuta kaliwo, wolankhula ngati mawu amachita kugula. Adona ankalankhulira onse awiri. Ndinalowa ngati wotsuka mbale, ndipo kuki wamkulu atakalamba ndinatenga malo ake. Dzina langa loti Alifeyo Mbewe adona analiyesa kamodzi, n'kunena kuti n'lovuta, ndipo kuyambira tsiku limenelo ndinakhala Alfred.

Chaka chonse adona anali munthu wabwinobwino, wokalipa koma wosasunga mangawa. Matenda awo ankayamba Okutobala akalowa. Kunja dzuwa likuswa mtengo, fumbi lili koboo, aliyense akuyang'ana kumwamba kudikira mvula, iwo ankabwera kukhitchini, n'kukhala patebulo langa lokandirapo ufa, n'kuyamba za kwawo. Akuti nyengo ngati imeneyi kwawo masamba amafiira n'kuyoyoka, m'mawa kumagwa nkhungu, mudzi wonse n'kumanunkhira utsi. Akuti ana ankatola njere zolimba za mtengo wina, n'kuziboola, n'kulowetsa chingwe, n'kumazimenyanitsa mpaka ya wina isweke. Yawo ankaiviika mu viniga kuti ilimbe, ndipo inagonjetsa anyamata onse a mumsewu mwawo. Akuti kutchalitchi ankadzaza guwa ndi maungu, maapozi ndi buledi woumbidwa ngati mtolo wa tirigu. Akuti ankaponya maapozi m'beseni la madzi n'kumawaluma manja ali kumbuyo. Ine ufa wa masikono ukundidikira m'mbale, munthu wakhalira tebulo.

Koma mutu wa zonse linali tsiku la 5 Novembala. Akuti kalekale munthu wina anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya kwawo mfumu ili momwemo. Anamugwira asanayatse, ndipo kuyambira pamenepo chaka chilichonse amapanga chimunthu cha nsanza ndi udzu, n'kuchikhazika pamwamba pa mulu wa nkhuni, n'kuchiotcha ana akuwomba m'manja. Nditamva koyamba ndinafunsa kuti, "Nanga achibale ake a munthuyo, adona, sadandaula?" Anaseka mpaka kupukuta misozi, n'kuthamanga kukauza abwana. Ine sindinaseke, chifukwa ndinkafunsa zenizeni.

Ndiye chaka ndi chaka ntchito yopanga chimunthucho inali yanga. Buluku lakale la abwana, jekete yong'ambika m'zigongono, udzu wouma, mutu wa chiguduli, maso a mabatani. Otchola tiyi ankaima patali n'kumaloza, ena akuti azungu nawo ali ndi gule wawo, ena akuti n'chenjezo kwa akuba nkhuku. Tangoganizani, Novembala wa ku Thyolo, kutentha koti ngakhale agalu safuna kuuwa, ife tikukoleza chimoto chotalika kuposa denga, adona avala juzi yaubweya ndi mpango m'khosi kuti amve ngati ali kwawo. Ine ndili pambali, thukuta lili kamukamu, ndikukwirira mbatatesi m'phulusa.

Chinthu chimodzi ndisawanamizire. Alendo akapita, adona ankatola mbatatesi imodzi yotentha n'kuifumbata osaidya, n'kundiuza za moto womaliza umene anaonera ndi bambo awo. Anali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Bambo awo anawanyamula paphewa kuti aone chimunthu chikupsa, kenako anafukula mbatatesi, n'kuikulunga m'kansalu, n'kuiika m'thumba la chikhoto chawo kuti manja afunde. Chaka chotsatira nkhondo inayamba, moto wa panja unaletsedwa poopa ndege za adani, ndipo bambowo anakwera sitima ya pamadzi osabwereranso. Nkhani imeneyi ndinaimva kambirimbiri, ndipo nthawi zonse inkandigwira mtima. Ndi m'zaka zimenezi mmene ndinakwatira amayi anu, Anaphiri, ndipo iwe Tiyanjane unabadwa mu 1973.

1975 mpaka 1977, Rockville

Abwana anapeza ntchito ku bungwe lina lalikulu ku Washington lothandiza za ulimi, ndipo adona anati popanda Alfred iwo sasuntha. Anandipezera chitupa cha wantchito wa m'nyumba. Chitupa chimenechi muchimvetse bwino, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepo: chinali chomangirira pa dzina lawo. Iwo akangonena kuti sakundifunanso, ine ndinayenera kulongedza, pokhapokha wina wa maudindo ngati awo atanditola msanga. Za amayi anu anandilonjeza kuti tikakhazikika adzawaitanitsa. Anapeza nyumba ku Rockville, mumsewu wa mitengo ikuluikulu, ndipo ine ankandigoneka chipinda chapansi, pafupi ndi makina otenthetsera nyumba amene ankabangula ngati chigayo.

Mumtima ndinati kuno ndiye adona achira. Masamba ofiira aja si awa? Nkhungu si iyi? Ndinadzinamiza. Atangoona masamba akuyoyoka matenda anakula kawiri, ndipo wosesa masambawo anali ndani? Ndikasesa m'mawa, masana adzazanso, adona ali pazenera ndi kapu ya tiyi akuti, "Alfred, taona kukongola!" Kenako kunabwera kusowa kwa zinthu. Keke ya jinja ya tsikulo imafuna manyuchi akuda a m'chitini cha kwawo. Ndinayenda magolosale a ku Rockville onse, ndinakwera basi mpaka m'kati mwa Washington, ndinabwera ndi manyuchi akuda a kuno. Analawa ndi nsonga ya supuni, n'kukwinya nkhope, akuti si amenewo. Kwa ine kukoma kunali kumodzimodzi, koma lilime langa silinakulire ku Mangalande. Njere zomenyanitsa zija ndinakazitola kupaki, thumba lodzaza, anthu akundiyang'ana ngati wamisala, ndipo nditafika nazo anati ndi za mtengo wina, izi n'zofewa. Makombola m'dera lathu anali oletsedwa, choncho Loweruka lina abwana anandikweza galimoto mpaka ku Woodbridge, tsidya lina la mtsinje, kwa munthu amene anasunga otsala m'galaja. Pobwerera ananditsamiritsa pabokosilo n'kundifunditsa bulangete kuti apolisi asaone. Ulendo wonse abwana akusuta kaliwo, ine ndakhalira makombola.

Chaka choyamba chomwecho, moto utangokolera, tinamva kulira kwa magalimoto a ozimitsa moto. Anafika awiri, magetsi ali phethiphethi, msewu wonse watuluka panja. Mkulu wawo anayang'ana motowo, n'kuyang'ana azungu ovala mipango atagwira maapozi a shuga patimitengo, kenako n'kulunjika kwa ine, chifukwa machesi anali m'manja mwanga. Abwana anachotsa kaliwo pakamwa n'kulankhula mawu ambiri kuposa amene ndinawamvapo chaka chonse. Mapeto ake tinauzidwa kuti chololedwa ndi moto wophikira basi. Ndiye zaka zotsatira moto unachepa, makombola anatha, ndipo ntchito yanga inali kuima poonekera nditagwira foloko yaitali yobaya mbatatesi, kuti aliyense wodutsa aone kuti tikuphika. Chimunthu chokha adona anakana kuchisiya. Mwayi wake, oyandikana nafe mbali imene tinkakolezera moto anali nkhalamba ziwiri zimene zinkathawira kotentha nyengo yozizira ikayamba, choncho panalibe wotiona.

Mu 1977 anandilola kupita kumudzi miyezi iwiri. Iwe Tiyanjane unali ndi zaka zinayi ndipo unkandikakamira mwendo paliponse. Nditabwerera, amayi anu anandilembera kuti ndi oyembekezera. Dalitso, iwe unabadwa chaka chotsatira, ndipo ndinakuona pa chithunzi chimodzi chosaoneka bwino, utakulungidwa m'shawelo moti chooneka chinali mphuno yokha.

1978

Mu Ogasiti adona anandiitana kuchipinda chochezera, abwana ali pomwepo. Anati nyumba yawakulira, akufuna munthu wochapa ndi kusita, ndipo aganiza kuti akhale Anaphiri. Abwana ayamba kale kuyendetsa mapepala kuntchito kwawo, ana abwera nawo, ndipo Januwale tonse tidzakhala pamodzi. Ndinagwada pa kapeti, munthu wamkulu ine, n'kuwomba m'manja. Ndinalembera amayi anu kuti ayambe kutsanzika. Anagulitsa mbuzi, munda anabwereketsa kwa alongo awo. Ine ndinapenta chipinda chapansi chija, ndinagula kabedi ka mwana kwa anthu ogulitsa zakale pakhomo, ndipo tsiku lililonse ndinkakayang'ana ngati kathawa.

Mwezi wotsatira nkhalamba zija zinagulitsa nyumba, ndipo munalowa banja la a Tolliver, anthu akuda a kuno, oyamba mumsewu wonsewo. Bambo ankagwira ntchito ku positi, mayi anali namwino, ana aakazi awiri. Msewu sunawalandire bwino. Ena anasiya kupereka moni, ndipo tsiku lina m'mawa anapeza zinyalala zitakhuthulidwa pa kapinga wawo. Adona, kunena zoona, anawatumizira keke, ine wonyamula. Kuyambira pamenepo ine ndi a Tolliver tinkapatsana moni pampanda, iwo n'kumandifunsa za kwathu.

Chaka chimenecho mwambo unali Loweruka, pa 4 Novembala, kuti alendo a kuntchito kwa abwana apezeke. Chimunthu ndinachimaliza msanga n'kuchikhazika kuseri kwa galaja, koma Lachinayi mvula inachinyowetsa. Adona anati chonyowa sichipsa, ndichipachike pamtengo waukulu wa kuseri kuti chiume ndi mphepo. Ndinayesa kumanga chingwe m'khwapa, manja anayamba kuthothoka. Ndinamanga m'khosi, chinakhala bwino. Adona anachiona ali pazenera n'kunena kuti chikhale pomwepo mpaka alendo afike.

Loweruka m'mawa ndikusanja nkhuni, ndinamva munthu akutsokomola kumpanda. Anali a Tolliver, atavala malaya a ku positi. Moni sanapereke. Tinkalankhula Chingerezi, koma ndilemba m'chinenero chathu.

"M'bale wanga," anatero, "chija wapachika ndani?"

"Ndine," ndinayankha monyadira, chifukwa chaka chimenecho chinatuluka bwino zedi. "Chinanyowa, ndiye chikuuma. Madzulo ano tichiotcha."

"Muchiotcha."

"Eya, ndi mwambo wa kwawo kwa adona. Mubwere ndi ana, kuli keke."

Anayang'ananso chimunthu chija. Kenako anati, "Tazungulirani mubwere kuno. Muime pamene ndaima inepa, muchiyang'ane."

Ndinazungulira. Nditaima pa kapinga wawo, sindinaone buluku la abwana kapena mabatani amene ndinasoka ndekha. Ndinaona munthu wa nkhope yoderapo, chingwe chili m'khosi, mutu wapendekera pambali, miyendo ikulendewera, ndipo anayang'anizana ndi zenera la chipinda cha ana awo.

"Ine ndinakulira kum'mwera, kolima thonje," anatero a Tolliver, mawu ali pansipansi. "Ndili mwana, nyengo ngati ino, bambo anga anapita kukalembetsa kuti azivota, chinthu chimene azungu a kumeneko sankafuna kuti munthu wakuda achite. Sabata yomweyo tinadzuka n'kupeza chinthu ngati icho pamtengo wa pakhomo pathu, chitavala ovolosi ya bambo anga imene inasowa pachingwe. Madzulo ake azunguwo anabwera ndi magalimoto n'kuchiyatsa. Bambo anga anatithawitsa. Mng'ono wawo anakana kuthawa, ndipo kwa iye sanavutikenso n'kupanga cha udzu, anapachika mwini wakeyo." Analoza nyumba yawo. "Mkazi wanga walongedza kale zikwama za ana. Ndamuuza kuti adikire, m'nyumbamo muli munthu wakuda, ndimufunse kaye."

Ndinalumbira kuti sitinkatanthauza zimenezo. Ndinayamba kufotokoza za nyumba ya malamulo ndi mfumu, koma ngakhale m'makutu mwanga momwe zinkamveka zopusa. Iwo anati, "Ndakumvani. Koma ana anga akaona munthu akupsa pampanda pawo, ine ndidzawauza za mfumu ya ku Mangalande?"

Ndinakachitsitsa nthawi yomweyo n'kuchikokera m'galaja, kenako ndinalowa kukhitchini. Adona anali akuviika maapozi m'shuga wosungunula, akuimba. Ndinawafotokozera zonse. Anaika dzanja pakamwa, anati n'zomvetsa chisoni, anati ndachita bwino kuchitsitsa, ndipo adzapita okha kukapepesa ndi kuwaitana kuti adzaone kuti ndi masewera chabe. Mtima wanga unakhala pansi. Ndiye ndinati, "Ndiye madzulo tingokoleza moto wokha, adona, popanda chimunthu."

Anatembenuka supuni ili m'manja. "Moto wopanda chimunthu ndi moto wa zinyalala, Alfred."

"Tisunthe malo, adona."

"Tisunthire kuti? Kwina konse kuli mitengo, ukufuna ozimitsa moto abwerenso? Mwambo uwu ndi wa zaka mazanamazana. Sukukhudza anthu amenewo mpang'ono pomwe. Atseke makatani kwa ola limodzi."

"Adona, nkhope yake ndi ya chiguduli. Ikufanana ndi yanga."

"Usakhale wopusa. Ivindikire ndi nsalu yoyera ngati zikukuvuta."

"Mutu wovala nsalu yoyera ndiye woopsa kwambiri kuno, adona." Zimenezo ndinali nditaziona pa wailesi yakanema: azungu ozunza anthu akuda kuno ankabisa mitu yawo m'nsalu zoyera.

Apa ndiye anapsa mtima. Anati dziko lino lawalanda makombola, lawalanda manyuchi, lawachepetsera moto, ndipo tsopano kuki wawo yemwe akufuna kuwalanda chotsala chokhacho. Anati alendo akafika, chimunthu chikhale pamwamba pa nkhuni, ndipo woyatsa ndi ine monga mwa zaka zonse. Ndinayang'ana kuchipinda chochezera kuti mwina abwana anenapo kanthu. Anakweza nyuzipepala mpaka kubisa nkhope, utsi wokha n'kumatuluka pamwamba.

Ndinatsikira kuchipinda changa n'kuimbira foni mnzanga a Mwanza, wa ku Chipata, dalaivala wa ku ofesi ya kazembe wina, amene ankakhala ku Laurel. Iwo ndiye ankadziwa zonse za mapepala. Sanandilole n'komwe kumaliza.

"Ah imwe a Mbewe, muli serious? Ni chidoli chabe icho! Shokani chipse, mugone. Mapepa ya amai yali pa tebulo ya muzungu, imwe mufuna kukangana pa nkhani ya udzu?"

"Koma ana aja, achimwene."

"Nanga anu si ana? Uja neba ali na nyumba, ali na nchito, ni citizen. Imwe muli na chani? Muno mu America munthu alibe pepa ni mphepo chabe. Mukalakwitsa apa, musabwele kulila kuli ine."

Ankanena zoona, ndipo n'chimene chinandikwiyitsa kwambiri. Ndinakhala pabedi n'kuyang'ana kabedi kako, Dalitso. Ndinakwiyira adona, ndinakwiyira abwana ndi nyuzipepala yawo, ndinakwiyira a Tolliver posankha nyumba imeneyo pakati pa nyumba zonse za mu Maryland, ndinakwiyira ngakhale munthu wakalekale uja polephera ntchito yake n'kutisiyira mavuto. Ndinadziuza kuti ndi ola limodzi lokha. Ndinanyamuka kupita kugalaja nditatsimikiza kuti ndikachikweza pa wilibala. Koma pogwira chingwe chija kuti ndichimasule m'khosi, ndinamva mawu a ana a Tolliver kuseri kwa mpanda, wamng'ono akufunsa amayi ake ngati munthu uja wapita. Manja anga anakana. Ndinamasula mabatani a jekete, ndinakhuthula udzu wonse n'kukauika pansi pa nkhuni, chiguduli ndinaponya m'bini. Buluku ndi jekete ndinazikung'untha, ndinazipinda bwinobwino, n'kukaziika patebulo la kukhitchini.

Adona analowa atavala kale mpango wawo. Anayang'ana zovalazo, n'kuyang'ana ine.

"Chili kuti?"

"Ndachimasula, adona. Moto ndikoleza, mbatatesi ndiotcha, keke yapsa kale. Koma munthu sindiotcha."

Ndinkayembekeza kukalipa kwa masiku onse, kumene kunkatha ndi tiyi. Sanakalipe. Nkhope inangoyera. "Palibe munthu amene ndinamuuza za bambo anga koposa iwe," anatero. "Ngakhale mwamuna wanga sadziwa zonse. Ndipo ndiwe wachita zimenezi." Anatenga jekete ija n'kuikumbatira pachifuwa. Atafika pakhomo anaima osatembenuka. "Ukudziwa chimene chili patebulo la abwana, Alfred?"

"Ndikudziwa, adona."

Alendo anabwera, moto unayaka, ana analuma maapozi m'beseni. Aliyense wofunsa za chimunthu adona ankamuyankha kuti, "Funsani Alfred," akumwetulira ndi mano okha. Ine ndinaima pamalo panga ndi foloko yanga. Alendo atapita ndinawasungira mbatatesi yotentha pa mbale, koma anaidutsa n'kukwera kukagona.

1979 mpaka 1983

Sanandichotse ntchito, ndipo mwina zikanakhala bwino akanatero. Anangosiya kukhala patebulo langa. Malangizo ankandipatsa ali pakhomo la khitchini. Khirisimasi itayandikira abwana anatsikira kuchipinda changa, koyamba chifikireni m'nyumbamo, n'kuima pafupi ndi kabedi kaja. Anati mapepala a Anaphiri avuta pang'ono, tidikire kaye. Ndinafunsa kuti avuta pati. Anayang'ana kaliwo wawo ngati yankho lili m'menemo, n'kukwera masitepe. Mu Januwale munabwera mayi wina wa kuno kudzachapa ndi kusita kawiri pa sabata. Kulembera amayi anu kuti akawombole munda kwa alongo awo inali ntchito yowawa kuposa zonse zimene ndagwirapo.

Nanga a Tolliver? Lamulungu lake anabwera pampanda n'kundipatsa chitumbuwa cha mbatata chophika akazi awo, n'kundigwira chanza mwamphamvu. Za mapepala sindinawauze, ndipo sanadziwe mpaka kalekale. Patapita zaka ziwiri anakwezedwa pantchito n'kusamukira dera lina. Ndiye mukafuna kudziwa chimene ndinapindula, ndi chitumbuwa chimodzi, ndipo shuga anachulukamo.

A Mwanza, amene anati ndisadzalire kwa iwo, ndi omwe anandipezera malo. Anandinyoza kaye njira yonse kuchokera ku Rockville mpaka ku Laurel, kenako anandilowetsa kwa bwana wina wa ku ofesi ya kazembe amene ankafuna kuki. Ndinachoka kwa a Pemberton pakati pa 1979. Adona anandigwira chanza ngati mlendo. Kwa bwana watsopanoyo zonse zinayambira pansi: kudziwika, kukhulupirika, kupempha, kudikira. Ndinkaopa kupita kumudzi chifukwa chitupa chinali pakati pa kusinthidwa, ndipo a Mwanza anati ndikatuluka mwina sindilowanso. Chaka chino akuti mawa, chaka chamawa akuti bwana wasinthidwa, tiyambirenso ndi wina. Anthu amandifunsa ngati ndikanachitanso chimodzimodzi. Tsiku lina ndimati eya, tsiku lina ndimati ndinali chitsiru, ndipo masiku onse awiriwo ndimakhala ndikunena zoona.

Munafika mu Meyi 1983. Ndinagula suti yatsopano, ndinabwereka tayi kwa a Mwanza, ndipo tinafika kubwalo la ndege dzuwa lisanakwere n'komwe. Chitseko chitatseguka ndinaona amayi anu, ataonda, chitenje chili pamwamba pa diresi, akuyang'ana uku ndi uku. Iwe Tiyanjane unali utatalika kufika paphewa pawo, ndipo unandizindikira, koma unangoima n'kumaluma chala. Kumbuyo kwa chitenje kunkasuzumira kamnyamata ka zaka zisanu, kovala nsapato zazikulu. Ndinagwada pansi pomwepo, suti yatsopanoyo, n'kutambasula manja. Amayi anu anakukankha pamsana, Dalitso, n'kunena kuti, "Pita, kapereke moni." Unayenda pang'onopang'ono, unayang'ana suti, unayang'ana tayi, unavula kachipewa kako monga anakuphunzitsira kumudzi. Kenako unagwira dzanja langa ndi manja awiri, maso ali pansi, n'kunena mwaulemu wonse kuti, "Moni, bwana."